Khofi, Zosema ndi Mabuku Akale ku Mandala House

Mandala House, nyumba yosanja imene ili m'dera la Mandala mumzinda wa Blantyre, inamangidwa m'chaka cha 1882 kuti muzikhala mabwana a kampani ya zamalonda ya African Lakes, yomwe inayambira ku Glasgow mu 1878 ndipo kuno inkayendetsedwa ndi John Moir ndi m'bale wake Frederick. Imawerengedwa kuti ndi yakale kuposa nyumba zonse za mamangidwe a Chizungu zimene zidakaimabe m'Malawi muno. Masiku ano pansi pake pali La Caverna, malo odyera ndi ogulitsira zaluso, pomwe m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, bungwe loona za mbiri ndi sayansi. Ine ndangoyamba kumene ntchito yojambula mapulani a nyumba, choncho owerenga andikhululukire ngati maso anga akhala kwambiri pa makoma kusiyana ndi pa mbale.

Za chakudya sindichulukitsa gaga m'diwa. Khofi ndi wabwino, makeke ndi zakudya zopepuka zamasana zimakonzedwa mosamala, ndipo malowo ndi achete moti munthu angathe kukambirana ndi mnzake popanda kukweza mawu. Mitengo yake si ya pa chiimirire, kotero amene akuyamba kumene kulandira malipiro achite bwino kuitanitsa kapu ya khofi, n'kuimwa pang'onopang'ono atakhala pakhonde.

Khondelo ndilo phunziro lalikulu la nyumbayi. Makoma ake anamangidwa ndi njerwa ndi dothi pa nthawi imene simenti inali isanafale kuno, ndipo khoma lotere mdani wake wamkulu ndi madzi. Amene anaimanga anatambasula denga kupitirira makoma kotero kuti mvula ya Januwale, ngakhale ibwere ndi mphepo, imathera pakhonde osafika pakhoma, pomwe dzuwa la Okutobala nalonso limatsekeredwa kunja, m'kati n'kukhala mozizira popanda makina. Nzeru imeneyi si yachilendo kwa ife, pakuti agogo athu ankaimika nsanamira kuzungulira nyumba ya zidina ndi kutsitsa udzu wa denga pa chifukwa chomwecho. Ndinakhala nthawi ndithu ndikujambula m'kope mwanga mmene nsanamira zimalandirira mitanda, ndipo ndinaona kuti kalipentala anaganizira ngakhale za mnzake amene adzabwere kudzasintha thabwa lodyedwa ndi chiswe popanda kugwetsa zonse. Mapulani ambiri amene timajambula lero amadula khonde kuti bwana apulumutse ndalama za malata, ndipo pakangopita zaka zochepa bwana yemweyo amakhala akupentanso khoma lakuda ndi ndere.

Chimene ndimayamikira koposa ndi chakuti nyumbayi ikugwira ntchito. Pamene pali anthu odya, ogula ndi owerenga tsiku ndi tsiku, denga likadontha wina amaona msanga, ndipo pamakhala chifukwa cholikonzera. Nyumba zina zakale m'matauni athu zinangotsekedwa mpaka kugumuka, pomwe zina zinakonzedwa mowononga: mmisiri amamata pulasitala wa simenti pa njerwa zofewa zakale, chinyontho chimene kale chinkatuluka kudzera mu dothi ndi laimu chimatsekeredwa m'kati, ndipo njerwa zimayamba kufumbutuka kuseri kwa khoma looneka losalala.

M'zipinda zogulitsira muli zithunzi zojambula pamanja, zosema zamtengo ndi zaluso zina za amisiri a kuno kwathu, ndipo kasankhidwe kake kamaonetsa kuti pali diso lodziwa kusiyanitsa ntchito yothamangira ndi ntchito ya mtima wonse. Wogula atembenuze chosemacho ndi kuyang'ana kumbuyo ndi pansi pake, chifukwa ndi kumene mmisiri waulesi amasiya mabala a sompho kapena kubisa ming'alu ndi polishi. Komabe ndikaona manja aluso chotere ndimadandaula kuti ife a zomangamanga timawasiya kuti azisema njovu za alendo, m'malo mowapatsa zitseko, mafelemu ndi nsanamira. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre Mission chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo za mamangidwe, pamodzi ndi anthu akuda amene anaphunzira ntchitoyo ali pomwepo, ndipo anaumba njerwa za mitundu 81 m'zikombole zamatabwa. Kuyambira mu 2018 malamulo saloleza njerwa zowotcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo, zimene ndi zomveka, koma tiyenera kuganiziratu za amene adzaumbe njerwa yofanana ndi yakale tsiku limene nyumba zoterezi zidzafune kukonzedwa.

Amene ali ndi chidwi ndi mafunso otere akwere m'mwamba. Society of Malawi inakhazikitsidwa mu 1946 ndi dzina la Nyasaland Society, ndipo laibulale yake imasunga mabuku, mapu, zithunzi zakale ndi makope a magazini ake a mbiri ndi sayansi. Kwa wojambula mapulani, chithunzi chakale chimayankha zimene khoma lopentedwa kambirimbiri silingathe kunena, monga pamene panali zenera lomwe linatsekedwa kapena mtundu wa denga loyambirira. Ophunzira a yunivesite ya MUBAS, yomwe kale inali Polytechnic, ali pafupi kwambiri ndi malowa, ndipo ndikuwalimbikitsa kuti afunsiretu nthawi imene laibulale imakhala yotsegula, atenge kope, pensulo ndi tepi yoyezera, komanso apemphe chilolezo kwa oyang'anira asanayambe kuyeza chilichonse.