Flame angel, yellow tang kapena clownfish: ya kuika pamodzi ndi makorali ndi iti?

Anzanga amene ayamba kumene kusunga makorali, tinyama ta m'nyanja timene timamera pamiyala ngati zomera, akhala akundifunsa funso limodzimodzi: mwa nsomba zitatu zimene aliyense amazisirira m'thanki ya madzi amchere, agule iti? Ndiyankha kamodzi pano. Ndineneretu kuti flame angel ndili nayo chakukhosi.

Ndinaigula chifukwa cha maso. Kansomba kofiira ngati khala lamoto, ka mizere yakuda m'mbali, kotalika masentimita 10 okha. Wogulitsa anati imakhala bwino ndi makorali, "bola muziiyang'anira". Mawu omalizawo analowera khutu ili n'kutulukira linalo. Miyezi iwiri yoyamba kunali zii, iyo inkangojompha ndere pamiyala. Kenako Trachyphyllia wanga, korali wa mnofu wambiri uja amene amafufuma masana, anasiya kufufuma. Ndinayamba kukayikira madzi. Ndinayeza mchere, kutentha ndi zina za m'madzimo. Palibe cholakwika. Ndinasintha madzi kawiri, ndinachepetsa kuwala, osaphula kanthu.

Tsiku lina nditakhala chapatali phee, ndinaiona ndi maso angawa. Ikudutsa, jompho! N'kupitirira ngati sinachite kanthu. Sikuti imadya korali yense. Imafuna zoterera za pamwamba pakezo. Koma korali wojomphedwa kambirimbiri patsiku amangokhala chonyala, mpaka mnofu umayamba kusupuka, chigoba choyera n'kuonekera.

Chinandiwawa kwambiri ndi kuigwira. Ikangoona ukonde, ulendo kuphanga. Msampha inauzemba sabata yathunthu. Mapeto ake ndinatulutsa miyala yonse, pamodzi ndi makorali amene anali atamera pamenepo, n'kuiika m'mabeseni, ndipo nthambi ziwiri za korali wa Acropora zimene ndinazilera chaka chonse zinathyokera m'manja mwanga. Ena akuuzani kuti yawo yatha zaka osakhudza korali. Sakunama, khalidwe lake limasiyana nsomba ndi nsomba. Koma imeneyo ndi njuga, ndipo chikole chake ndi makorali anu.

Yellow tang ilibe mlandu umenewu. Makorali siyawalabadira, imatha tsiku ikudya ndere, zimene n'zothandiza. Zobisika zake zili kwina. Imakula kufika masentimita 20 ndipo sikhala malo amodzi, choncho pa thanki yosakwana malita 300 musayerekeze. Mtengo wake unakweranso kuyambira mu 2021, khoti ku Hawaii litaimitsa kugwira nsomba zogulitsa kwa osunga m'mathanki.

Koma ndalama imene palibe amaitchula pogula ndi ya thanki yachiwiri. Ma tang sachedwa kugwidwa ndi Cryptocaryon irritans, tizilombo timene timaoneka ngati timadontho toyera pakhungu. Mankhwala odziwika bwino a matendawa ali ndi kopa, ndipo kopa amapha makorali, nkhono ndi nkhanu zomwe. Ndiye simungachizire m'thanki ya makorali. Nsomba zonse, ngakhale zooneka zabwinobwino, ziyenera kusamukira kwina komwe kuli hita ndi fyuluta yakeyake, thanki yaikulu n'kukhala yopanda nsomba milungu pafupifupi 11 kuti tizilomboto tife ndi njala. Ngati mulibe malo a thanki yachiwiri, tang si yanu.

Clownfish ya mtundu wa ocellaris ena amaiderera poti aliyense ali nayo. Ine ndimaikonda. Ziwiri zimakwana m'malita 80, zambiri zogulitsidwa n'zoswedwa m'mathanki kotero sizivuta chakudya, ndipo anemone, kanyama kooneka ngati duwa kamene clownfish zimakhalamo kunyanja, si wofunika. Gulani zazing'ono ziwiri, imene ikule kuposa inzake idzasanduka yaikazi. Chilema chake n'chakuti ikasankha korali wa Euphyllia kukhala nyumba yake, imadzikhula pamenepo mpaka mwina korali kunyala. Komanso yaikaziyo imaluma dzanja mukamatsuka galasi. Zimenezo ndimapirira.

Choncho kwa oyamba, clownfish. Tang ibwere mukakhala ndi thanki yaikulu komanso yachiwiri ija. Flame angel ayi, pokhapokha ngati m'thanki mwanu muli nsomba ndi miyala basi. Yanga ija ili m'thanki yotero kwa mnzanga wina, yanenepa, ndipo ikadali yokongola. Ndikapitako sindiiyang'ana nthawi yaitali.