Njira ya njinga ya Kingfisher ku Ireland: zimene ndaona patapita miyezi 8

M'mwezi wa Epulo 2025, nditapalasa masiku awiri okha pakati pa Carrick-on-Shannon ndi Ballinamore, ndinalemba kuti njira ya Kingfisher ndi yofewa, yopanda zitunda zodetsa nkhawa, ndipo aliyense amene ali ndi njinga yabwinobwino angathe kuimaliza m'sabata imodzi. Tsopano tili kumapeto kwa Novembala, ndaiyenda pafupifupi yonse m'zigawozigawo pa masiku amene sindinali ku ntchito, ndipo ndiyenera kukonza mawu anga aja, chifukwa ndinayamikira njira yonse nditangolawa kachigawo kake kophweka.

Kwa amene sanaimvepo, iyi ndi njira yoyamba yaitali ya njinga imene inakonzedwa pachilumba cha Ireland. Kutalika kwake, mukaphatikiza nthambi zake, ndi makilomita pafupifupi 480, ndipo imadutsa m'maboma a Fermanagh, Leitrim, Cavan, Monaghan ndi Donegal. Pamapu imaoneka ngati nambala 8: chigawo cha kumpoto chimazungulira nyanja ya Lower Lough Erne, pamene cha kummwera chimatsikira ku Clones, Belturbet, Ballinamore mpaka ku mtsinje wa Shannon. Dzina lake linachokera ku kambalame kodya nsomba ka mlomo wautali, kamene chithunzi chake chili pa zikwangwani zolozera njirayo.

Choyamba chimene sindinachifotokoze bwino n'chakuti Kingfisher si msewu wa njinga zokha ayi. Mbali yaikulu ndi timisewu ta phula ta kumidzi, topapatiza moti tina timamera udzu pakati, ndipo mumagawana ndi mathirakitala, magalimoto onyamula mkaka ndiponso ng'ombe zimene mlimi akuzisamutsa kuchoka pa busa lina kupita pa lina. Magalimoto ndi ochepa, ndipo madalaivala ambiri amadikira moleza mtima mpaka mutapeza popatukira. Kuyambira mu Febuluwale 2025 liwiro lololedwa m'misewu ing'onoing'ono ya kumidzi ku Republic of Ireland linatsitsidwa kuchoka pa makilomita 80 kufika pa 60 pa ola. Komabe mipanda ya zitsamba ndi yaitali ndipo makona ndi ambiri, choncho galimoto mumayamba kuimva musanaione. Ine ndinasiyiratu kuvala zomvera nyimbo m'makutu, ndipo nyali yofiira ya kumbuyo ndimaiyatsa ngakhale masana. Mwayi wake kwa ife ochokera ku Malawi ndi wakuti kunonso amayendera kumanzere.

Koma kulakwitsa kwanga kwakukulu kunali pa nkhani ya zitunda. Dziko la Cavan, Monaghan ndi kummwera kwa Leitrim ladzaza ndi timapiri tobulungira timene amatitcha drumlin, timene tinaumbidwa ndi madzi oundana amene anakuta dera lonseli kalekale. Mukatiyang'ana patali timaoneka ngati mitumbira ya mbatata yosatha, ndipo m'zigwa zake mwadikha madzi, ndiko kuchuluka kwa tinyanja ting'onoting'ono. Palibe kaphiri ngakhale kamodzi kamene kangakuopseni pakokha, popeza ambiri mumakwera kwa mphindi zochepa chabe. Vuto ndi lakuti mukangotsetsereka, chitunda china chayamba kale, ndipo zimatero kuyambira m'mawa mpaka madzulo popanda malo athyathyathya opumirapo miyendo. Tsiku limene ndinapalasa kuchokera ku Clones kudzera ku Belturbet, nditamangirira zikwama ziwiri pa keliyala, ndinatopa kuposa tsiku limene ndinakwera m'mphepete mwa phiri la Cuilcagh, lomwe ndi lalitali mamita 665. Phiri limakuuzani poyera ntchito imene ili patsogolo, koma timapiri iti timakudyani pang'onopang'ono. Nditabwerako ndinasinthitsa magiya a kumbuyo kuti ndikhale ndi giya yopepuka kwambiri, ndipo ndalama imeneyo sindinanong'oneze nayo bondo. Amene akudza ndi katundu asayerekeze kupitirira makilomita 60 patsiku m'dera limeneli ngati akufuna kuti mawa lake adzuke ndi mphamvu.

Chigawo chimene ndabwererako kambirimbiri ndi cha pakati pa Drumshanbo, Dowra ndi Blacklion. Msewu umadutsa pafupi ndi nyanja ya Lough Allen, kum'mawa kwake kuli phiri la Sliabh an Iarainn, dzina lotanthauza phiri la chitsulo, ndipo tsidya linalo kuli Arigna kumene ankakumba malasha mpaka 1990. Mukadutsa Dowra dziko limasintha: minda imachepa, nkhosa zimachuluka, mipanda ya zitsamba imasanduka ya miyala, ndipo mukapatuka pang'ono mumafika pa Shannon Pot, kadziwe kakuda kozunguliridwa ndi mitengo kamene kamadziwika kuti ndiko gwero la Shannon, mtsinje wautali koposa ku Ireland, wa makilomita pafupifupi 360. Ndinakhala pamenepo nthawi yaitali tsiku lina mu Juni, popanda munthu wina aliyense, ndikuvutika kukhulupirira kuti madzi ochepa amenewo ndi omwewo amene maboti amayendamo ku Carrick-on-Shannon. Kuchoka apo mtsetse wake ndi wautali, ndipo umakufikitsani pa mlatho wa pakati pa Blacklion ndi Belcoo, pamene nyanja ziwiri za Lough MacNean zayandikana.

Mlatho umenewo ndiwo malire a Republic of Ireland ndi Northern Ireland, yomwe ndi chigawo cha dziko la UK, ndipo apa ndiyenera kulankhula mosapita m'mbali. Njirayi imalowa ndi kutuluka ku Northern Ireland kangapo, ndipo palibe chipata, msilikali kapena wofunsa pasipoti. Mumangozindikira chifukwa zikwangwani zasiya makilomita n'kuyamba mamailosi, ndipo m'sitolo akufuna mapaundi m'malo mwa mayuro. Mudzi wa Pettigo wagawika pakati ndi kamtsinje ka Termon, mbali ina ku Donegal, ina ku Fermanagh. Koma kusowa kwa chipata sikutanthauza kuti lamulo kulibe. Ufulu woyenda momasuka pakati pa maiko awiriwa ndi wa nzika za Ireland ndi za Britain, ndipo munthu wa pasipoti ya Malawi, ngakhale atakhala ndi chilolezo chokhala ku Ireland, amafunikabe visa ya UK kuti alowe ku Northern Ireland. M'nkhani yanga yoyamba sindinatchule zimenezi, ndipo zimandipweteka ndikaganiza kuti wina akanatha kusokoneza mapepala ake chifukwa cha mawu anga. Amene alibe visa angathe kusangalala mokwanira ndi chigawo cha Leitrim ndi Cavan, kutsatira ngalande ya Shannon–Erne ya makilomita 63, imene inatsegulidwanso mu 1994 ndipo ili ndi zipata 16 zokwezera ndi kutsitsira maboti. Chofunika n'kuyang'anitsitsa mapu asananyamuke, pakuti malire ali pafupi kwambiri ndi Ballyconnell ndi Belturbet.

Chigawo cha kumpoto ndinachiyenda mu Julayi, kuyambira ku Enniskillen kudzera ku Castle Archdale, Kesh, Pettigo ndi Belleek, kumene kuli fakitale yotchuka youmba mbale ndi makapu imene inayamba mu 1857. N'chokongola, makamaka cha ku Garrison m'mphepete mwa Lough Melvin, ngakhale kuti nyanja ya Erne simuiona kawirikawiri monga mapu amakulonjezerani, chifukwa mitengo ndi timapiri zimaitchinga.

Za nyengo, mvula ya kuno si yamkuntho ngati ya kwathu, koma ndi mvumbi wonga wa chiperoni umene ungathe kuwaza tsiku lonse. Jekete yosalowa madzi ndi madigadi ndi zinthu zosati n'kuzisiya. Mu Juni dzuwa limalowa cha m'ma 10 koloko usiku, choncho simuthamanga ndi nthawi, pamene kumapeto kwa Novembala mdima umagwa 5 koloko isanakwane. Madzulo a chilimwe opanda mphepo, m'mphepete mwa nyanja mumadzaza tizilombo touluka tating'onoting'ono toluma totchedwa midges, ndipo sitilola kuti munthu aime ndi kudya mwamtendere.

Chimene sindikanachidziwa ndikanapanda kuyenda miyezi yonseyi ndi nkhani ya minga. Ku Republic of Ireland lamulo limaletsa kudula mipanda ya zitsamba kuyambira pa 1 Malichi mpaka pa 31 Ogasiti pofuna kuteteza mbalame zimene zikuswa. Kuchokera mu Epulo mpaka mu Ogasiti tayala langa linaphwa kamodzi kokha. Seputembala atangolowa, alimi anatulutsa makina awo odulira, timisewu tinadzaza ndi zidutswa za minga, ndipo m'masabata atatu ndinamata chubu kanayi, kawiri konse ndili pamvula. Ndinagula matayala okhuthala osaboola msanga, amene ndi olemerako koma kuchokera pamenepo sanandikhumudwitse. Matope osakanikirana ndi ndowe ndi mchenga amadyanso msanga mabuleki ndi tcheni: mphira za mabuleki ndasintha kawiri, tcheni kamodzi, ndipo ndaphunzira kutsuka njinga tsiku lomwelo ndikangofika. Okonza njinga amapezeka m'matauni akuluakulu okha, kotero pampu, machubu awiri, zigamba ndi masipanala ziyenera kukhala m'chikwama nthawi zonse.

Dandaulo langa lenileni lili pa zikwangwani. M'malo ena zilipo zokwanira, koma m'malo ena zinafufuta, zinaphimbidwa ndi masamba kapena zinasowa pa mphambano pomwe zikufunika kwambiri. Tsiku lina ndinasochera makilomita angapo, ndipo anandibweza ndi bambo wina wachikulire amene anazimitsa thirakitala yake n'kundifotokozera njira modekha, kenako n'kundifunsa za kwathu kwa nthawi ndithu. Netiweki ya foni imathawa m'zigwa zina, choncho mapu ndi ofunika kuwasungiratu m'foni. Masitolo nawo ndi otalikirana, ndipo m'midzi ina Lamulungu simupeza pogula ngakhale buledi.

Ngati wina andifunsa lero, ndimuuza kuti apite pakati pa Meyi ndi Ogasiti, apatule masiku osachepera 8 ngati akufuna njira yonse, ndipo asungitsiretu malo ogona chifukwa m'midzi ing'onoing'ono ndi ochepa. Poyambira pabwino ndi pa Carrick-on-Shannon, chifukwa sitima yochokera ku Dublin kupita ku Sligo imaima pamenepo, pomwe ku Fermanagh, Cavan, Monaghan ndi Donegal kulibe sitima yonyamula anthu. Malo a njinga m'sitimamo ndi ochepa ndipo ndi bwino kusungitsa pogula tikiti. Kwa ine kwatsala nthambi yopita ku Ballyshannon ndi ku gombe la Rossnowlagh, ndipo ndaisungira mwezi wa Meyi, mipanda isanayambenso kudulidwa.