Paini, bulugama ndi malaina a ku Mchesi: ndemanga yanga mvula itagwa zaka ziwiri

Ndadikira dala kuti mvula igwe zaka ziwiri pa denga langa ndisanalembe izi, chifukwa thabwa silidziwika tsiku logula. Ali pa mulu, onse amaoneka abwino.

Nyumba yanga ndi ya zipinda zitatu ku Area 36 ku Lilongwe. Matabwa ndinagula kwa bambo wina wogulitsa ku Mchesi: a paini a 2x6 (muyeso wa mainchesi) opangira mitanda ya denga, a 2x3 okhomerapo malata, mapolo a bulugama a pakhonde, ndi matabwa ochepa a malaina opangira zitseko zam'kati. Munthuyo ndi waulemu, anandilola kusankha thabwa limodzilimodzi osandifulumizitsa, ndipo galimoto inafikitsa katundu tsiku lomwelo. Pa zimenezi ndilibe naye mlandu.

Ndiyambe ndi paini, poti ndiye wanyamula denga lonse. Wogulitsa anati ndi wa ku Chikangawa, koma ku Mchesi thabwa lililonse la paini limatchedwa la ku Chikangawa, ngakhale litachokera ku Dedza kapena ku Zomba. Dzinali lili ndi mbiri yake. Nkhalango ya Viphya, imene anthu amaitcha Chikangawa, ya mahekitala pafupifupi 53,000, inabzalidwa kwambiri kuyambira m'ma 1960 ndi cholinga chodzapanga mapepala pa fakitale yomwe inkayembekezeka ku Chintheche. Fakitaleyo sinamangidwe, mitengo inangokhala n'kukhwima, ndipo matabwa amene makolo athu amawatama anachokera mu mitengo yokhwimayo. Moto wolusa ndi kudula kosabzala zinaitha. Ambiri mwa matabwa amene tikugula lero ndi a mitengo yanthete, ndipo kusiyana kwake ndinakuona ndi maso anga.

Amene ananditsegula maso ndi akalipentala anga. Katundu atangotsitsidwa, ananyamula thabwa limodzi n'kunena kuti, "Bwana, awa ngaawisi. Tikakhoma lero, denga lidzavina." Kenako anandionetsa kunsonga kwa thabwa, pamene pamaoneka mizere yozungulira. Mzere umodzi ndi chaka chimodzi cha mtengo. Mizere ikakhala yothithikana, mtengowo unakula pang'onopang'ono ndipo thabwa lake ndi lolimba. Ikakhala yotalikirana ngati zala zotambasula, makamaka thabwalo likachokera pakatikati pa mtengo, yembekezani kuti lipindika likamauma. Tinawasanja pa mthunzi, tikuika timitengo pakati pa thabwa ndi linzake kuti mphepo izidutsa, pamwamba n'kutsindira njerwa. Anakhala milungu isanu. Mwa matabwa 40 a 2x6, asanu ndi limodzi anapotoka moti sakanagwira ntchito ya denga, ndipo onsewo anali a mizere yotalikirana ija. Tinawadula n'kukhala zochirikizira.

China chimene chinandinyansa ndi muyeso. Pakamwa amati 2x6 wa mafiti 18, koma mukaika tepi mupeza ena ndi opyapyala mbali imodzi, ena aperewera kutalika. Macheka a m'tchire ndi otero. Mukamapita kukagula tengani tepi yanu, musachite manyazi.

Komabe paini ndimamuyamikira. Ndi wopepuka, anyamata awiri amakweza mtanda pamwamba popanda phokoso. Msomali umalowa bwino osang'amba thabwa, ndipo pomupala savuta. Matabwa ena anada ndi mawanga obiriwira modera, ine n'kuyesa kuti ayamba kuwola, koma ndi nkhungu chabe imene imagwira paini wauwisi. Imaipitsa maonekedwe, mphamvu ya thabwa siichotsa kwenikweni. Choyenera kuopa ndi mfundo zikuluzikulu, makamaka zakuda zogwedera zimene zili m'mphepete mwa thabwa, chifukwa pamenepo ndi pamene limathyokera likasenza katundu. Awiri otere ndinawabweza ndipo wogulitsa anandisinthira osanyinyirika.

Mdani wa paini ndi chiswe. Mtengowu kwawo ndi ku Mexico, ulibe chodzitetezera nacho ku chiswe cha kuno monga achitira mlombwa kapena mkungudza wa ku Mulanje. Matabwa a ku Mchesi sabwera othiridwa mankhwala. Ife tinapaka mankhwala a Solignum kawiri, makamaka kunsonga ndi pamene thabwa lakhudza khoma. Anzanga ena amapaka oyilo wakuda wochotsa m'galimoto. Amathandizako, koma amangokhala pamwamba, salowa m'kati. Denga mpaka pano lili bwinobwino. Chidutswa chimodzi chosapaka chimene chinaiwalika pansi kuseri kwa nyumba, pofika mwezi wa Malichi chinali chitasanduka chikhungwa.

Bulugama ndi nkhani ina. Ndi wolemera, wolimba, ndipo pa mizati ya khonde sindikanasankha wina pa ndalama zimene ndinalipira. Koma ali ndi khalidwe lake: akamauma amang'aluka kuyambira kunsonga. Mapolo atatu anang'ambika moti chala chimalowa. Akalipentala anawamanga ndi waya kumapeto ndipo ming'aluyo sinapitirire. Akauma ndiye msomali amaukana, umangopindika, mpaka uboole kaye. Cholakwa chinali changa pa mzati umodzi umene ndinaukwirira m'dothi osaupaka kanthu. Wayamba kufumbwa m'munsi ndipo chaka chino ndiusintha. Enawo anakhala pa simenti, ali gwa. Mapolo a magetsi amene timawaona m'misewu nawonso ndi bulugama, koma amakhalitsa chifukwa mankhwala amawalowetsa ndi makina. Pakanakhala pafupi pogula otero, ndikanalipira zoonjezerazo.

Malaina ndiye anandidabwitsa. Timangowaona m'mbali mwa misewu ndi m'masukulu n'kumawayesa mitengo ya mthunzi ndi nkhuni basi, koma zitseko zake sizinafufume ngakhale m'dzinja, pomwe chitseko cha paini cha kukhitchini chimafuna phewa kuti chitsekeke mvula ikalimbika. Amachedwa kuuma, ndiye funsani kuti anachekedwa liti. Ndi ofewa, mwana akamenyetsa mpando pamatsala chipsera, choncho chitseko chakunja musapangire amenewa.

Pa nyenyezi zisanu, wogulitsayu ndikumupatsa zitatu ndi theka. Ndachotsapo chifukwa anandiuza kuti matabwa ndi ouma pamene anali aawisi, komanso chifukwa cha muyeso uja. Ndidzapitanso ndikamamanga nyumba ya alendi kumbuyoku, koma ndidzagula mu Julayi kuti aumire pakhomo panga, ndipo ndidzapita ndi akalipentala ndi tepi yawo.