Valheim kapena Raft: yankho langa patatha miyezi 8

Dzulo mnzanga wa kuntchito anandifunsa kuti, "Aise, ndalama ndili nayo ya gemu imodzi basi, ndigule Valheim kapena Raft?" Sindinamuyankhe pompo, chifukwa magemu awiriwa ndakhala nawo miyezi 8 ndipo mtima wanga wakhala ukusinthasintha.

Onse anapangidwa ndi timagulu ting'onoting'ono ta ku Sweden. Valheim ndi ya Iron Gate, inatuluka mu 2021, pomwe Raft ndi ya Redbeet Interactive, anaimaliza mu 2022. Pa Steam, sitolo ya magemu ya pa intaneti, ine ndinawapeza pa mtengo umodzi, madola 19.99. Monsemo mumayamba chimanjamanja, kutola mitengo, kusaka chakudya, kumanga pogona. Ndimasewera ndi achimwene anga amene ali ku Johannesburg, makamaka Loweruka usiku.

Raft imakoma msanga. Muli pa kathabwa koyandama pakati pa nyanja, mukukoka zinyalala ndi mbedza, shaki ikubwerabwera kudzaluma m'mphepete. Kumanga n'kosavuta, ulimi wa m'mabokosi umayenda bwino. Kungoti nkhani yake ili ndi polekezera. Titamaliza zilumba zake, palibe anatchulanso zoitsegula.

Valheim poyamba inkandikwiyitsa. Ukafa, katundu yense amatsala pamanda ako, umayenera kuthamangira komweko wopanda chovala. Komanso zipata zodumphira kutali sizilola chitsulo. Lamulo limeneli ndinkadana nalo mpaka usiku wina mu June.

Tinali titakumba chitsulo m'manda a ku Swamp, dera la madambo m'gemuyi, kwa maola atatu, n'kudzaza malo onse 4 a katundu m'bwato lija amati karve. Achimwene anagwira chiwongolero, ine ndili kutsogolo ndi uta, kuyang'anira chinjoka cha m'nyanja. Tili pakatikati, mdima uli bii, kunyumba kwanga magetsi anathima, rauta n'kuzima. Mu gemuyi intaneti ikaduka uli pabwato, pobwerera umapezeka pamalo omwewo, bwato likapita ndiye kuti uli m'madzi. Ndinalimbana ndi hotspot ya pafoni mphindi pafupifupi 40, mtima uli phaphapha. Nditalowanso, ndinangoona thanga litapindidwa, bwato lili pomwepo, achimwene akulibweza pang'onopang'ono kuti mafunde asalitenge.

"Mng'ono wanga, ndikanakusiya bwanji?" anatero pa foni, akuseka.

Tinafika kumudzi wathu kukucha, m'gemu ndi kunja komwe. Papita zaka 6 tisanaonane maso ndi maso, koma usiku umenewo ndinamva ngati tayendadi ulendo umodzi. Chikhala chipata chinalola chitsulo, zonsezi sizikanachitika.

Sikuti ndimaikonda tsiku lililonse. Ndikaweruka nditatopa, kufa katatu ku Plains, dera la adani oopsa, kumandipsetsa mtima, ndipo ndimalakalaka bata la Raft. Koma tikabwera ku thumba, Valheim ikupambana. Fayilo yake ndi yaing'ono, bandulo yanga sinalire poikopera, pamene Raft inadya kangapo kuposa pamenepo. Maola amene tathera mu Valheim ndi ochuluka kwambiri pa ndalama yomweyo.

Chimene chikundiwawabe ndi mmene ndinagulira Raft. Khadi langa la kubanki linkakana kulipira madola, ndiye ndinadalira munthu wina wogulitsa makodi a Steam pagulu la WhatsApp. Anandiwerengera dola pa mtengo wa kuseri, ndinamutumizira ndalama pa foni, iye zii kwa masiku 9. Ndikaimba, "mawa bwana, mawa." Kodi ya Steam ija inabwera, inagwira ntchito, koma kupepesa kunalibe. Mwina n'chifukwa chake Raft sindinaionepo ndi mtima woyera. Valheim anandilipirira achimwene, popanda vuto lililonse.

Mnzanga uja ndamuuza m'mawa uno kuti atenge Valheim, adikire Steam ikatsitsa mitengo, ndipo apeze wachibale wa khadi loyenda kuti amulipirire. Ikapanda kumusangalatsa asanakwanitse maola 2 akusewera komanso masiku 14 asanathe chiigulireni, Steam imabweza ndalama. Nambala ya wogulitsa uja wandipempha, ndamukaniza.