Hostelo ya pakoleji kapena nyumba ya lendi?

Mukasankhidwa kupita kukoleji, nkhani ya kogona imabwera msanga.

Kuhostelo mumalipira kamodzi pa semesita, ndipo nthawi zambiri madzi ndi magetsi zimakhala momwemo.
Ku lendi n'kulipira mwezi ndi mwezi, kuwonjezerapo dipoziti, mabilu ndi thiransipoti. Apa m'pamene ambiri amagwa: amangowerengera lendi yokha. Eni nyumba ena amalipiritsanso pa holide, choncho werengani mgwirizano musanasaine.

Kuhostelo laibulale ili pafupi, koma phokoso ndi malamulo sizisowa.
Ku lendi kuli ufulu ndi bata, bola mnzanu wokhala naye asamazembe mabilu.

Wa chaka choyamba, hostelo imuyenera. Lendi ndi ya amene wazolowera kale kusunga bajeti, kuphika ndi kudzuka yekha.