NVDA: pulogalamu yowerengera wantchito wosaona za pa kompyuta

Ndimayang'anira gawo loyankha makalata a makasitomala, ndipo mmodzi mwa anzanga ogwira nawo ntchito ndi mayi amene anasiya kuona ali mwana. Desiki yawo ndi yoyandikana ndi yanga. Mabwana anzanga akandifunsa kuti munthu wosaona angagwire bwanji ntchito ya mu ofesi, ndimawauza kuti aike NVDA pa kompyuta yawo, azimitse sikirini, avale mahedifoni, amve okha.

NVDA ndi pulogalamu ya pa Windows imene imawerenga mokweza zonse zili pa sikirini, ndipo imathanso kuzitumiza ku kachipangizo ka zilembo za Braille. Anaiyambitsa ndi Michael Curran wa ku Australia mu 2006, kenako James Teh anagwirizana naye. Onse awiri ndi osaona, ndipo zimenezi zimamveka ukamaigwiritsa ntchito, chifukwa anaipanga anthu amene amaidalira okha. Bungwe lawo, NV Access, silichita malonda, ndipo pulogalamuyi amaipereka ulere. Palinso ina yakale komanso yamphamvu yotchedwa JAWS, koma ndi yogula, ndipo ndamvapo mabwana akubisala kumbuyo kwa mtengo wa laisensi yake pofuna kukana kulemba munthu ntchito. NVDA inawalanda pobisalapo.

Chimene chinandidabwitsa poyamba ndi liwiro. Mayiwa amaika mawu a pulogalamuyi pa liwiro loti ine sindimva kanthu, koma iwo amakhala atamaliza imelo yonse ine ndikadali pakati. Sagwira mausi. Pa tsamba la intaneti akadina H amadumphira pa mutu wotsatira, T imawafikitsa pa tebulo, F pa malo olembapo mu fomu, B pa batani. Mu Excel, NVDA imatchula dzina la kabokosi ndi zomwe zilimo, ndipo akaiuza mzere umene uli ndi mitu, imawakumbutsa mutuwo nthawi iliyonse akasuntha, moti sasokoneza nambala ya kasitomala ndi nambala ya risiti. Outlook ndi Word zimayenda bwino kwambiri. Madandaulo ovuta a makasitomala nthawi zambiri timapatsa iwowo, chifukwa amamvetsera kalata yonse osadumpha mzere.

Kwa ine monga woyang'anira, chothandiza kwambiri ndi kazenera kotchedwa Speech Viewer. Kamaonetsa pa sikirini mawu onse amene pulogalamuyo ikulankhula. Akakumana ndi vuto, timatsegula kazenerako, ine ndimawerenga zomwe iwo akumva, ndipo timapeza msanga pomwe pavuta. Pamene tinkawaphunzitsa ntchito, kazenera kameneka kanatichotsera kukangana kwambiri koti "koma batanilo lilipo", pomwe kwa iwo silikutchulidwa.

Pa nkhani ya intavyu, NVDA ili ndi mwayi wina: munthu akhoza kuikopera pa flashi pamodzi ndi mawu ndi liwiro lomwe anazolowera, n'kuiyendetsa pa kompyuta iliyonse popanda kuiika. Choncho ngati mumayesa anthu ofuna ntchito pa kompyuta, palibe chifukwa chomusiyira kunja wosaona. Muuzeni pasadakhale kuti abwere ndi flashi yake, ndipo muuze a IT atsegule polowetsa flashi tsiku limenelo. Koma akalembedwa ntchito, muiike yeniyeni pa kompyuta yake. Ya pa flashi siwerenga sikirini yolowera pa Windows, ndipo si bwino kuti munthu wamkulu m'mawa uliwonse azidikira mnzake womulembera pasiwedi.

Zofooka zilipo. Mawu a eSpeak amene amabwera ndi pulogalamuyi amamveka ngati makina, ndipo munthu watsopano amatopa nawo, ngakhale pa Windows 10 ndi 11 pali mawu ena osalala. Chichewa chikamawerengedwa ndi mawu a Chingerezi chimaphwanyika zedi. Mayiwa amasinthira ku mawu a Chiswahili, omwe amayandikirako, koma sizifika pake. Pa makompyuta a Mac NVDA siigwira ntchito, kumeneko kuli pulogalamu ina yotchedwa VoiceOver. Ndiponso mtundu woyamba wotuluka chaka chilichonse umatha kuimitsa timapulogalamu towonjezera timene munthu amadalira, choncho a IT asamangosintha zinthu usiku osamufunsa mwini wake.

Komabe mavuto aakulu amene mayiwa amakumana nawo sachokera ku NVDA, amachokera ku zizolowezi za maofesi. Munthu amasindikiza kalata, kuisaina, kuisikana, n'kuitumiza ngati chithunzi. Kwa wosaona limenelo ndi pepala lopanda kanthu. NVDA imatha kuzindikira zilembo pa chithunzi ukadina batani lapadera la NVDA (Insert kapena Caps Lock) pamodzi ndi R, koma pa matebulo a manambala zimasakanikirana, ndipo sungadalire zotere pa nkhani ya ndalama. Wina amajambula sikirini n'kutumiza pa gulu kuti "onani apa". Pulogalamu ina yopemphera tchuthi imene tinkagwiritsa ntchito inali ndi mabatani a zithunzi okhaokha opanda mayina, moti NVDA inkangoti batani, batani, batani. Zimandiwawa kuona munthu waluso chonchi akupempha mnzake kuti amudinire tchuthi chake. Masiku ano tisanagule pulogalamu iliyonse, amayamba aiyesa iwowo, ndipo akati siyenda, sitigula. Ku misonkhano, woonetsa zithunzi amawerenga mokweza zomwe zili pa khoma, ndipo mafayilo amatumizidwa dzulo lake.

Mabwana ayang'anenso fomu yawo yofunsira ntchito. Ngati ili ndi mayeso aja olemba zilembo zopindika za pa chithunzi popanda njira yomvetsera, ndiye kuti osaona mwawatsekera pachipata, ndipo simudzadziwa n'komwe kuti anabwera. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 1.3 biliyoni, kapena 16 pa 100 alionse, ali ndi ulumali waukulu. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali la mu 2006, mu ndime 27, limanena za ufulu wogwira ntchito komanso kukonza malo a ntchito moyenerera munthu. Kukonza kotereku, kwa wosaona wa pa kompyuta, nthawi zambiri ndi pulogalamu iyi, mahedifoni abwino, ndi anzake otumiza mafayilo owerengeka.

NVDA ndimailimbikitsa ndi mtima wonse kwa ofesi iliyonse yogwiritsa ntchito Windows. Koma amene wazolowera JAWS kuyambira kusukulu musamukakamize kusintha chifukwa chofuna zaulere. Mufunseni chimene amagwira nacho bwino ntchito. Kwa amene akuyamba kumene, kapena wantchito wanu wakale amene maso ayamba kufooka ndipo simukufuna kumutaya, NV Access imagulitsa mabuku ophunzirira komanso thandizo la pa foni, ndipo munthuyo apatsidwe nthawi yophunzira mkati mwa maola a ntchito. Kampani imene ikupindula ndi pulogalamuyi iganizirenso zotumizako kangachepe ku NV Access, popeza bungweli limadalira zopereka.