Zikwangwani kapena penti wapepo: kuletsa alenje ku Pennsylvania

Nyengo yosaka agwape ndi mfuti ikayamba kumapeto kwa Novembala ku Pennsylvania, m'dziko la America, eni nkhalango amavutika ndi alenje olowa m'malo awo osapempha.

Njira yakale ndi kukhoma zikwangwani pamitengo ya m'malire. Aliyense amaziwerenga, ngakhale mlenje wochokera kutali. Koma mvula ndi mphepo zimaziwononga, ndipo alenje ena amangozichotsa dala, akagwidwa n'kumati sanaone kanthu. Misomali nayo imawononga mitengo yocheka matabwa.

Kuyambira mu 2020, lamulo limalolanso kupaka penti wapepo pamitengo ngati chizindikiro choletsa kulowa. Mzere uyenera kukhala woimirira, wotalika mainchesi osachepera 8, kunsi kwake kukhale mafiti 3 mpaka 5 kuchokera pansi, ndipo mizereyo isatalikirane kupitirira mafiti 100. Penti sazulika, ndipo ndi wotchipa pamalo aakulu. Vuto lake n'lakuti mlendo wosadziwa lamuloli amangoona ngati wina anasewera ndi burashi. Komanso lamuloli siligwira ntchito m'maboma a Philadelphia ndi Allegheny.

Ine ndingapake penti kuzungulira malire onse, zikwangwani n'kuziika pazipata ndi panjira zolowera zokha.